Ndinati Ndakhaliratu

Ndikabwera kuno kunyanja pa tchuthi, anyamata a padoko amanditchula kuti a Pemanenti. Ndikamadutsa pakati pa mathandala oyanikapo usipa ndimangomva, "Mwaswera bwanji a Pemanenti? Za ku Kepi?" Ndimayankha bwinobwino. Nanga nditani? Dzina lachipongwe ukalikana m'pamene limakukakamira. Ambiri a iwo sadziwa n'komwe kumene linachokera, amayesa ndi dzina laulemu la munthu amene zake zinayera. Ine ndikalimva, mtima umandiwawa mpaka lero.

Ndinachoka kuno Tamanda ali kumsana, asanayambe n'kukwawa komwe. Ndiye mwana wanga yekhayo. Mayi ake, a Nambewe, ndinawakwatira chikamwini, ndipo ndinamanga kanyumba ka zidina kofolera ndi udzu pamudzi pawo, pafupi ndi gombe. Ndinali mlovi, msodzi wopalasa m'maboti a eni, koma luso langa lenileni linali kusoka ukonde. Ukonde wa chilimira ukang'ambika pamiyala ankaitana ine. Kungoti nyanja inali itayamba kuumira. Tinkachezera pamadzi n'kubwerako ndi usipa wosadzaza ndi beseni lomwe, ndipo mwera ukaomba sabata yathunthu pakhomo pankangoti zii. Anzanga opita ku Joni ankabwera ndi njinga, masola, malata. Ine ndinali ndani kuti nditsale?

A Nambewe anandiperekeza mpaka pa depoti ku boma. Sanalire, si munthu wolira pagulu. Minibasi itayamba kudzaza anandikoka malaya n'kunena chapansipansi kuti, "Bambo a Tamanda, musakatchone."

"Aaa, mayi, ine? Malata akakwana ndabwera."

Ndinanena ndikuseka. Mudzi uliwonse kuno uli ndi mtchona wake, munthu amene anapita kukasaka ndalama osabweranso, ndipo ndikhulupirira kuti aliyense wa iwo pochoka ankaseka chimodzimodzi.

Za ulendo wopita sindikonda kuzikumbuka. Anatipanikiza kumbuyo kwa galimoto ya transipota pamodzi ndi matumba a mpunga ndi nsomba zouma, ndipo pa maboda ankatiuza nthawi yotsika ndi nthawi yotseka pakamwa. Ku Joni sindinakhalitse. Ndinadula kapinga pa nyumba za anthu, ndinakanda simenti, ndinagona m'galaja ya munthu pamodzi ndi agalu ake. Kenako wina anandiuza kuti kupitirira Kepi kuli tauni ya asodzi kumene akusowa anthu odziwa ukonde. Ndinapita.

Abale, nyanja ya kumeneko si nyanja. Madzi ake ndi amchere, ozizira moluma mafupa, sungamwe, sungachapire, ngakhale kusamba munthu umayamba waganiza. Mvula nayo imagwa m'miyezi yozizira, zinthu zotembenuka. Ndinapeza ntchito m'shedi yaikulu ya kampani ina yosoka maukonde a sitima. Ukonde umodzi ukautambasula ungakwirire bwalo la mpira. Ulusi wake ndi wouma ngati waya, moti zala zinkang'ambika n'kupola, n'kung'ambikanso, mpaka zinasiya kumva ululu.

M'shedi momwemo ndinakumana ndi Che Saidi, bambo wachikulire wa cha ku Maganga, Msilamu wosaphonya swala. Atangomva mmene ndinayankhira moni anati, "Iwe ndiwe wa ku Salima, usandinamize." Tsiku lomwelo anandipatsa malo m'kanyumba kawo ka malata kuseri kwa tauni. Iwo anali atakhala kumeneko kuyambira ine ndili pasukulu, opanda pepala lililonse. Galimoto ya apolisi ikangoonekera pakona, mdala uja ankaliyatsa liwiro kuposa anyamata, kenako n'kubwera akutsokomola uku akuseka. Mwezi wa Ramadani ndinkawasungira tiyi wotentha m'fulasiki kuti madzulo pomasula kusala apeze chotenthetsa m'mimba. Iwo Lamulungu ankandigwedeza phazi: "Dzuka iwe, kapemphere, usandibweretsere chikunja m'nyumba muno."

Nthawi ina eni dziko anatiukira alendo. Zinayamba ndi mphekesera kumsika, kenako tinangoona utsi uko ndi uko, anthu akuthamanga ndi mawailesi a eni. Che Saidi anavula kachipewa kawo ka kumzikiti n'kundiveka ine. "Lero ndiwe Msilamu, Mulungu wako amvetsa," anatero. Tinabisala m'bwalo la mzikiti masiku angapo, tikugona pa makatoni, tikugawana buledi mmodzi. Titabwerera tinapeza chitseko atazula, mabulangete atatenga, poto yekha atatisiyira. Mdala uja anamutola poto uja, anamuyang'ana, n'kunena kuti, "Alhamdulillah, akuba a kuno saphika."

Ndinawafunsa tsiku lina chifukwa chimene sankapitira kwawo. Anati, "Ndipite ndi chiyani? Ndikatuluka ndiye kuti ndatuluka. Insha Allah, chaka chamawa." Chaka chamawa chimenecho ndinkachimva chaka chilichonse.

Ine mwayi wanga unali wakuti bwana wa shediyo ankasowa anthu osoka, ndiye anandithandiza kupeza pemiti ya ntchito. Ndinaivinira. Sindinadziwe kuti pemiti ili ngati chingwe cha mbuzi, umadya pokhapo pamene chingwe chafika. Inalembedwa dzina la kampani imeneyo basi. Bwana akakutukwana, umeze. Akati ubwere Lamulungu, ubwere. Nditapempha tchuthi choti ndikaone kumudzi anati nyengo ino ntchito yachuluka, ukachoka udzapeza wina pampando wako. Chaka chotsatira ananenanso zomwezo. Kenako pemiti inatha, tinapempha ina, ndipo anandipatsa kalisiti kosonyeza kuti ndikudikira. Itatuluka, posakhalitsa inathanso, kalisiti kenanso. Pamapeto pake ndinapempha pepala lalikulu lija, la munthu wololedwa kukhazikika m'dzikomo, ndipo kudikira kwake ndiye kunali kosasimbika.

Munthu wa kalisiti sankayerekeza kutuluka. Tinali ndi mnzathu wa ku Nkhotakota amene anathamangira maliro a bambo ake atanyamula kalisiti komweko. Pa boda anamudinda chidindo choti asalowenso kwa zaka, ndipo katundu wake anatsala m'nyumba ya lendi mpaka eni nyumba anagawana. Ndiye mayi anga atamwalira, ine ndinalira ndili m'shedi, singano ya ukonde ili m'manja. Amene anandiikira malirowo ndi amalume anga pamodzi ndi anthu a mpingo.

A Nambewe analibe foni. Tinkalankhula pa foni ya achimwene awo, a Layisoni, amene ali ndi kagolosale pafupi ndi doko, ndipo ndalama ndinkatumizanso pa nambala yomweyo. Lamulungu a Nambewe akaweruka ku tchalitchi ankapita kugolosaleko. Nkhani zathu zinali zomwezomwezo.

"Mubwera liti?"

"Mapepala akatuluka, mayi."

"Mapepala amenewo akuwalemba ndi dzanja lamanzere?"

Poyamba ankafunsa mwanthabwala chomwecho. Chaka china ndinawatumizira bulangete lalikulu la maluwa kudzera mwa transipota, ndipo nditafunsa ngati lafika anati, "Lafika, zikomo. Kungoti bulangete siliyankha munthu akalankhula." Ndinaseka, iwo sanaseke. Kenako anasiya kufunsa za kubwera kwanga, n'kumangondiuza za mtengo wa chimanga ndi zoti denga likudontha. Tamanda ndinamuona akukula pa zithunzi: ali ndi mano awiri, ali mu yunifolomu yomufika m'mapazi, ali wamtali kufika paphewa pa mayi ake. Akamupatsa foni ankangoti, "Ndili bwino, kaya inu," n'kuthawa.

Chifuwa cha Che Saidi chinakula m'nyengo ina yozizira. Kuchipatala anakana kupita mpaka mochedwa, ankaopa kuti akawafunsa mapepala. Atamwalira, anzawo a kumzikiti anawasambitsa n'kuwaika tsiku lomwelo monga mwa chipembedzo chawo, m'manda a mchenga woyera kuseri kwa fakitale ya nsomba. Ine ndinaima chapatali, manja kumbuyo. Ndinatumiza uthenga ku Maganga, koma amene anayankha anali mdzukulu woti sanawaonepo chibadwire. Ndinatsala ndekha m'kanyumba kaja, ndipo ndinayamba kuopa kuti nanenso ndidzathera mumchenga womwewo.

Pepala linatuluka nditasiya kuliyembekeza. Pepala wamba, abale, limodzi lokha. Ndinapita nalo kwa mayi wina wa bungwe lothandiza alendo kuti andimasulire bwino, poti Chizungu changa ndi cha m'shedi. Anandifotokozera pang'onopang'ono. Anati kuyambira lero mungathe kugwira ntchito iliyonse, kwa bwana aliyense, osapemphanso chilolezo. Anati mungathe kutuluka m'dziko muno n'kubwereranso, bola pasipoti ikhale yosatha ndipo musakakhalitse kunjako zaka zambiri. Ndinamufunsanso kuti ndimve bwino. "Ndingathe kupita ku Malawi?" Anati eya. "N'kubweranso?" Anati eya, ngakhale mawa.

Ndinatuluka mu ofesimo n'kukakhala pa kampanda m'mbali mwa msewu. Woti ndimuuze panalibe, Che Saidi anali m'manda. Ndinatulutsa foni kuti ndijambule mawu opita kwa a Layisoni, ndipo m'pamene ndinakodwa. Pepalalo anzathu onse ankalitchula kuti pemanenti. Kodi pemanenti m'Chichewa n'chiyani? Ndinalitembenuza liwulo m'kamwa, n'kutola limene linabwera msanga.

"Alamu, kawauzeni mayi a Tamanda kuti Mulungu wayankha. Pepala lija latuluka. Panopa ndakhaliratu kuno, palibenso wondithamangitsa. Ndakhaliratu, alamu!"

Patapita kanthawi anayankha, mawu awo ali ozizira. "Alamu, tamva. Ndiye mukuti mwakhaliratu?"

Ine m'chimwemwe chija kuzizirako sindinakumve. Ndinajambulanso ndikuseka: "Eya, mpaka muyaya! Dziko lino ndi langanso tsopano."

Zoti ndikubwera sindinanene. Musapukuse mitu, ndinali ndi chifukwa. Mawu akuti ndikubwera ndinali nditawanena kambirimbiri mpaka anasukuluka, ngakhale ineyo ankandichititsa manyazi. Ndinati ulendo uno sindilonjeza munthu, angondiona ndikutsika pa kabaza. Komanso pambuyo pa zaka zonsezo sindikanapita chimanjamanja.

Sabata yomweyo ndinakamuuza bwana wa shedi kuti ndasiya. Anangoti kukamwa yasa. Anayamba kunena zondikwezera malipiro, ine n'kumati zikomo bwana, chingwe chaduka. Kale sitima zikuluzikulu zopita kutali sizinkandilemba chifukwa cha pemiti ija. Tsopano nditangoonetsa pepala langa anandilemba tsiku lomwelo, malipiro ake oposa a m'shedi kutalitali. Tinanyamuka ndisanalankhulenso ndi kumudzi.

Tinkapita kum'mwera kwenikweni, kumene madzi oundana amayandama ataliatali kuposa sitima. Kumeneko foni ndi chidole, siigwira chilichonse. Tulo tinkachita kuba, mafunde ankakugwetsa pabedi, magolovesi ankauma ndi chisanu ali m'manja. Ine mwana wa kunyanja, woti ndinaphunzira kupalasa ndisanaphunzire kuwerenga, ndinasanza mpaka ndulu. M'sitimamo munalibe wina wolankhula Chichewa, moti ndinkadzilankhulira ndekha potumbula nsomba kuopa kuti lilime lingachite dzimbiri. Ndikatopa ndinkadziuza kuti kuzizira konseku n'kwa denga la a Nambewe. Miyezi inadutsa.

Titakocheza ndinapeza nambala yanga ya foni itafa chifukwa chokhalitsa osaigwiritsa ntchito. Ndinagula ina. Ndalama ndinatumiza kwa a Layisoni kudzera pa shopu monga mwa nthawi zonse, koma sindinaimbe, ndinkaopa kuti pakamwa pangaterereke n'kuulula za ulendo wanga. Pasipoti nayo inali itatsala pang'ono kutha, ndiye podikira yatsopano ndinakweranso sitima ulendo wachiwiri, wautali kuposa woyamba uja.

Pobwera kumudzi, patatha zaka ziwiri chitulukire pepala lija, ndinakwera basi yabwino, ya mipando yogona chagada. Pa boda ndinapereka pasipoti ndi pepala langa thukuta lili kamukamu. Wa pawindo anayang'ana, anadinda, n'kuitana wotsatira. Basi! Chinthu chimene chinandimanga zaka zonsezo chinatha ngati munthu akugula machesi. Nditalowa m'basi ndinalira, moti mayi amene ndinakhala naye pampando anayesa ndaferedwa, n'kundipatsa nthochi.

Ndinafika ku Salima dzuwa lili paliwombo. Boma linali litasintha, njinga zamoto paliponse, masitolo atsopano pamene panali tchire, ndipo pa depoti panalibe ngakhale mmodzi wondizindikira. Ndinakwera njinga imodzi, zikwama ndinamanga pa ina. Fungo la usipa wouma litandipeza m'njira ndinamuuza wa njingayo kuti awonjezere moto.

Nyumba ndinaipeza ili ndi malata kale. Ndinayamba ndakondwa, ndinati a Nambewe asamala ndalama. Kenako ndinaona njinga yamoto pakhonde, ndi malaya aamuna pachingwe, aakulu kuposa anga. A Nambewe anali kuseri pa thandala akutembenuza usipa, khanda lili kumsana. Atandiona anagwira thandala lija, n'kutsetsereka mpaka kukhala pansi pamchenga.

"Mayo ine! Bambo a Tamanda?"

"Ndabwera, mayi."

"Mwabwera kudzatani?"

Sanafunse mwachipongwe ayi. Anafunsa ngati munthu wofunadi kudziwa.

Zikwama zija ndinazikwezanso pa njinga n'kupita nazo kumudzi kwathu, kwa amalume, mtunda wongoyenda pansi. Amalume atandiona anavula chipewa n'kuchivalanso, osadziwa choti achite. Madzulo asanafike ananditengera kumanda kukandionetsa pamene anagona mayi. Mtumbira unali utaphwa kale, pamwamba patamera udzu. Ndinafuna kulira koma misozi inakana, mutu wanga unali pa malaya aja a pachingwe.

M'mawa mwake tinakhala pansi pa mtengo wa mango kwa a Layisoni, iwo monga nkhoswe ya kuchikazi, amalume monga nkhoswe yanga, a Nambewe pamphasa chapatali. Mwamuna watsopanoyo, wogula usipa wa ku Chinguluwe, anachokapo mwaulemu, ndipo sindimuda. Ine ndinayamba ndi ukali. Ndinafunsa kuti ndi mwambo wa kuti umenewu, wokwatitsa mkazi mwamuna wake ali moyo, akutumiza ndalama osalekeza.

A Layisoni anapisa m'thumba. Anatulutsa foni, anaiika pa mpando pakati pathu, n'kudina. Ndinamva mawu anga omwe, akuseka. Ndakhaliratu kuno. Mpaka muyaya. Dziko lino ndi langanso tsopano.

"Mphwanga, mawu amenewa si ako?" anafunsa amalume.

"Ndi anga, koma tanthauzo lake si limenelo!"

Ndinatulutsa pepala lija m'chikwama. Ndinafotokoza kuti kukhaliratu kwa pepalali ndi ufulu, kuti ndi lomweli landitsegulira njira yobwerera kuno, kuti popanda ilo bwenzi ndili m'shedi mpaka lero. Amalume analigwira chozondoka, n'kundibwezera. A Layisoni anati, "Alamu, ife Chizungu sitichidziwa, koma Chichewa timachidziwa. Munthu akati wakhaliratu, wakhaliratu. Ndinakufunsani kachiwiri poganiza kuti mwina lilime laterereka, inu munati mpaka muyaya. Komanso aliyense padoko pano amadziwa kuti mapepala amenewo amapatsa munthu amene wakwatira mkazi wa komweko."

"Bodza limenelo! Langa ndinalipeza ndi zala izi!"

Ndinatambasula manja anga ong'ambika aja. Kenako a Nambewe analankhula, maso ali pamphasa.

"Ine sindinakhulupirire msanga, bambo a Tamanda. Amayi anzanga ankandiseka pa mjigo, ine n'kumati mwamuna wanga sangatero. Ndinkabwera kugolosale kuno kudzaimba foni yanu, siinkalowa. Miyezi, siikulowa. Tsiku lina inalowa. Anayankha mkazi, m'chilankhulo cha kumeneko, mwana akulira pambali pake. Ndinatchula dzina lanu, iye anaseka n'kudula. Inuyo mukanakhala ine mukanatani?"

Ndinayesa kufotokoza kuti nambala ikafa amaigulitsa kwa munthu wina, kuti mkazi ameneyo sindimudziwa n'komwe, kuti nthawi imeneyo ine ndinali pakati pa madzi oundana. Ndikulankhula ndinkadzimva ndekha kuti zikumveka ngati bodza la mtchona wina aliyense. Koma a Nambewe anadzutsa mutu n'kundiyang'ana, ndipo ndinaona kuti akhulupirira. Zimenezo ndiye zinawawa koposa. Bola akanandiyesa wabodza, bwenzi mmodzi wa ife atapepukidwa.

"Mukanangowonjezera liwu limodzi," anatero. "Ndikubwera. Basi."

"Ndinalinena zaka zonse, munasiya kulimva."

"Eya. Koma tsiku limenelo ndikanalimva."

Amalume anatsokomola n'kunena kuti madzi akatayika saoleka. Anati iwo anavomera kuti banja lithe atamva mawu anga ndi makutu awo, ndipo ndalama zimene zinkabwera onse ankaziyesa za mwana. Khanda linayamba kulira, a Nambewe analitembenuzira kutsogolo n'kuliyamwitsa. Nkhani inathera pomwepo, popanda woti ndimugwire pakhosi. Mpaka lero ndimafunafuna woti ndimukwiyire. A Layisoni anafunsa, amalume anamva, a Nambewe anaimba foni. Ine ndinanena zoona. Mwina ndikwiyire Chichewa, chimene chilibe liwu la munthu wololedwa kukhala uko koma mtima wake uli kuno.

Tamanda ndinali ndisanamuone. Dzulo lake anamupititsa kwa azakhali ake kuti akuluakulu ayambe akambirana. Masana anamutuma kuti adzandipatse moni kwa amalume. Anabwera mtsikana wamtali, wa maso ngati a mayi anga, atanyamula kapu ya thobwa. Anandipatsa ndi manja awiri n'kukagwada chapatali ndithu.

"Ukundidziwa?"

"Eya. Ndinu ababa a ku Kepi."

Ndinamupatsa zimene ndinamugulira, chikwama cha kusukulu, juzi, ndi nsapato zimene saizi yake ndinangoyerekeza. Anathokoza n'kuziika pambali osaziyang'ana. Ndinamufunsa za sukulu, anayankha. Za anzake, anayankha. Kenako, kaya chinandigwira n'chiyani, ndinayamba kumufotokozera zonse, za kalisiti, za boda, za sitima. Ndinamuuza kuti tsopano ndingathe kubwera Khirisimasi iliyonse, kuti palibe angandiletse, kuti sindinamutaye. Ankamvetsera mwaulemu, akugwedeza mutu pamene payenera kugwedezera. Mwana woleredwa bwino, zoona, ndipo amene anamulera si ine.

Ndinamaliza kufotokoza. Ndinaona kuti akusakasaka choti anene kuti mlendo asachite manyazi. Anachipeza.

"Nanga kwanu mubwerera liti?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze kuti kwathu ndi kuno, kuti mchombo wanga uli mumchenga womwe wagwadapowo. Koma nyumba inali ya wina, mayi anga anali kumanda, ndipo pepala lokhalo lonena kuti ndili ndi kokhala linkatchula dziko lina.

"Loweruka, mwana wanga," ndinatero.

"Muyende bwino," anatero, natola kapu ija n'kuimirira.